Mayi Fyness ndi Ukwati wa Tsiku Lolemba

Ku Troyeville, mumzinda wa Joni, mukafunsa Mmalawi aliyense kumene amakhala Mayi Fyness, amayamba waseka, kenako n'kukulozerani nyumba ya mpanda wobiriwira imene kuseri kwake kuli zipinda za lendi. Akatero amakuchenjezani kuti ngati munapangana nawo nthawi, kwezani mwendo. Mayiwa sadikira munthu. Anzawo a kutchalitchi amati kwawo ku Chiradzulu ndi iwo amene ankadzutsa tambala.

Anabadwira kuseri kwa phiri, mwana woyamba m'banja la ana aakazi okhaokha. Ali mtsikana, munda wa makolo awo ndi umene unkayamba kusosedwa, ndipo mizere inkakhala itaima kale anzawo akadali kuvina m'zinamwali. Chaka china anabzala chimanga ndi chizimalupsa, mvula yonamiza ija imene imangobwera kudzazimitsa moto wa m'tchire. Dzuwa litabwereranso, mbewu zonse zinapserera m'nthaka. Iwo sanaone kulakwa kwawo. Anati mvula ndi imene inachedwa.

Munthu wotere Mulungu anamupatsa mwamuna wotchedwa Elia. Bambo Elia anali atangobwera kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni, ali ndi chipewa chachikulu ndi wailesi ya m'manja. Ankayenda ngati asenza ndowa yodzaza madzi, ndipo pakudya ankatsala okha pamphasa mpaka ntchentche kutopa nawo. Mawu awo anali amodzi: "Mulungu akalola."

Atafunsira, Fyness anafuna kudziwa tsiku la ukwati.

"Tikakolola," anatero a Elia, "Mulungu akalola."

"Akalola chiyani? Mwini wakene ndalola kale."

Anakwatirana atakolola ndithu. Mkwatibwi analowa m'banja zonse atazikonza m'mutu: mwana woyamba adzakhala wamwamuna, wachiwiri wamkazi, kenako nyumba ya malata. Anagula matewera n'kuwapinda bwinobwino m'sutikesi. Chaka chinatha. China chinatha. Ang'ono awo onse anakwatiwa n'kuyamba kubereka kumbuyo, iwo nsalu yawo ikungomangidwa m'chiuno. Anapita kuchipatala, anamwa zowawa ndi zonunkha, anasala kudya mpaka kuona chizungulire. Pamjigo nkhani zinkaduka iwo akangotulukira. Achibale a Bambo Elia anamuitanira pambali m'bale wawo n'kumuuza kuti apeze mkazi wina. A Elia anayankha kuti aganizira kaye. Poti ndi a Elia, mpaka lero akuganizirabe.

Dziko la Joni litasintha boma, a Elia anabwererako n'kupeza ntchito yosamalira maluwa ku Kensington. Mkazi wawo anawalondola m'mwezi wa Juni. Ulendo wonse anaukonza mwaluso: nkhuku yokazinga, mbatata zophika, ziphaso m'kathumba ka m'chifuwa. Chimodzi chokha anachiphonya. Anatsika basi pa Park Station atavala bulauzi yopyapyala ndi masilipasi, chifukwa ankaganiza kuti munthu wokulira m'chiperoni cha ku Chiradzulu kuzizira amakudziwa. Chisanu cha ku Joni chinawalonjera m'mafupa. Mano ankagundana, zala zinakana kupinda, ndipo amuna awo kunalibe. Mayi wina wogulitsa tiyi, amene sankamvana naye ngakhale liwu limodzi, anawakhazika pa kreti pafupi ndi mbaula n'kuwafunditsa juzi lake. A Elia anatulukira dzuwa litakwera, akuyenda mwachifatse.

"Munali kuti, bambo inu?"

"Ndinaima pang'ono panjira. Akukonza msewu, ndiye ndimaona m'mene akuthirira phula."

Anakhala ku Alexandra, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo Mayi Fyness anapeza ntchito ya m'nyumba ku Sandton. Manyazi a pa Park Station aja sanawaiwale. Analumbira kuti nyengo ya dziko lino sidzawachitanso chipongwe, ndipo anayamba kuizonda ngati mkazi wozonda mwamuna woyendayenda. Anadziwa kuti mitengo ya jakaranda ikafiirira maluwa, mvula ili pakhomo. Anadziwa kuti mvula ya kuno imabwera masana ndi ukali, ziphaliwali ndi matalala oswa magalasi a galimoto, kenako n'kuchoka ngati sinalakwe kanthu. Anadziwa kuti Ogasiti ndi wa mphepo ya fumbi la m'migodi, ndi kuti Juni ndi Julaye ndi ozizira koma ouma gwa, kumwamba kuli mbee, kopanda ngakhale kamtambo kongodutsa.

Atapitirira zaka makumi anayi zakubadwa, tsiku lina anatsegula sutikesi ija, natulutsa matewera amene anali atasanduka achikasu m'mopindamo, n'kupatsa mtsikana woyandikana naye nyumba amene anali woyembekezera. Sanalire. Anangoti malo m'sutikesi akuchepa.

Pasanapite nthawi anayamba kudwala. M'mawa mseru, masana tulo, fungo la anyezi kuwathamangitsira panja. Poyamba ananamizira ufa wa kuno. Mimba itayamba kukula anati basi, ndi chotupa, ndipo imfa anaikonzekera monga ankakonzekerera china chilichonse. Anawauza a Elia diresi loti adzawaveke, nyimbo zoti zidzaimbidwe, ndi anthu oti asadzapatsidwe mpata wolankhula pamaliro.

Kukiliniki nesi anawagoneka, anawapima, kenako anayamba kuseka mpaka kugwira khoma. Anawauza m'Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi kuti matenda awowo ali ndi miyendo iwiri ndipo akukankha.

"Ayi, mwana wanga, pima bwino," anatsutsa Mayi Fyness. "Nthawi ya zimenezo inadutsa kalekale."

A Elia anali pabenchi panja. Atamva, anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati nthawi yaitali, misozi ikugwera momwemo.

Mwanayo anabadwa wamkazi, ndipo anabadwa mochedwa, tsiku limene a chipatala ananena litadutsa kale. "Watengera bambo ake," anatero mayi ake. Dzina anasankha okha: Omega, kutanthauza womaliza, kuti kumwamba kumve bwino kuti sakufuna kudzidzimutsidwanso.

Sikuti zaka zonse zinali zoseketsa. Mu 2008, chisanu chikuyamba, anthu anaukira alendo ku Alexandra. Banjali linathawa ndi zovala za m'thupi, Omega ali pamsana pa bambo ake ngakhale anali wamkulu kale woti n'kuyenda yekha. Katundu yense amene Mayi Fyness ankasonkhanitsa kuti adzapite naye kumudzi anatsala m'manja mwa anthu. Anagona m'tenti pamodzi ndi anthu a mitundu yambiri, atafunda makatoni. A Elia anati, "Mayi a Omega, iyinso ndi nyengo. Idzapita." Tsiku limenelo mkazi wawo sanawayankhe mwano. Anangowagwira dzanja. Bata litabwerera anasamukira ku Troyeville, n'kuyambiranso ndi poto mmodzi wobwereka.

Omega anakula ndi malilime atatu m'kamwa. Chichewa chake chinali chokhota, cha ku Joni, koma ulemu anali nawo. Anapeza ntchito pasitolo ya mankhwala, ndipo tsiku lina anauza makolo ake kuti pali mnyamata wina, Bheki, Mzulu wokonza mabasi, amene akufuna kudzawaona. Mayi Fyness mtima unawawa. Za 2008 zija zinali zisanachoke m'chifuwa. Anakonzeka kumukana mnyamatayo, mawu ake atawasanja kale. Koma pa tsiku lopangana, atasuzumira pawindo nthawi isanakwane, anaona munthu ataima pageti, nsapato zikuwala, akuyang'ana wotchi kuti asagogode msanga.

"Ameneyu ndi munthu," anatero. Nkhani inathera pomwepo.

Ankhoswe a mbali zonse atakambirana zawo, Mayi Fyness anakumana ndi asewere awo, mayi a Bheki, mzimayi wonenepa, wa mawu aakulu ndi kuseka kosabisa, dzina lake Nomvula. Anakondana nthawi yomweyo. Pobwerera, m'takisi, Mayi Fyness anafunsa mwana wawo tanthauzo la dzinalo.

"Ndiye kuti mayi wa mvula, amama. Amati anabadwa kukugwa chimvula. Amanenanso okha kuti ukwati wawo unanyowa, wa mwana wawo wamkulu unanyowanso, tenti mpaka kugwa."

Mayi Fyness anawerengetsera miyezi m'zala mpaka potsikira. Atatsika analengeza kuti ukwati udzakhala mu Julaye.

"Amama, kuzizira!"

"Kuzizira sikunyowetsa velo. Dzuwa la Julaye likakwera kumafunda bwinobwino. Ndikufuna ukwati wa panja, zithunzi zowala, kuti ku Chiradzulu aone kuti mwana amene ankati sadzabadwa uja ndi uyu."

Tsiku linagwera Lolemba. Mpingo wawo unali waung'ono, wopempherera m'galaja ya nyumba ina yokhala ndi bwalo lalikulu kuseri, ndipo abusa awo, a Maliki, ankagwiranso ntchito ya ulonda pamasitolo ena aakulu kumene Loweruka sapereka tchuthi. Akhristu ambiri anali a m'malesitanti ndi m'masaluni, amene amapumanso Lolemba. A kuchimuna anadabwa, koma anavomera.

Kuyambira pamenepo Troyeville sanapume. Operekeza mkwatibwi anasokeredwa madiresi opanda manja. Amayi ophika anauzidwa aliyense poto wake. Omega atafotokoza kuti pamwambo wa Chizulu mkwatibwi amakapereka mabulangete kwa achibale a mwamuna, tsiku lina lapadera ukwati utadutsa, mayi ake anawagula msanga, okhuthala, a akambuku ndi a maluwa, n'kuwaunjika m'mapepala ake pakona ya galaja mpaka kufika kudenga. Analamula kuti aliyense wowakhudza tsiku lake lisanafike adzaona.

Ndi Mulungu yemwe anakambirana naye. Pamsonkhano wa amayi wa Lachinayi anagwada n'kupemphera mokweza:

"Atate, sindikupempha chozizwitsa. Mungomusiya Julaye akhale Julaye. Mvula ayi. Matalala ayi. Mphepo ya fumbi ayi. Magetsi, ngati n'kotheka, asazime, ngakhale ndikudziwa kuti amenewo ndi ovuta. Zotsalazo ndakonza kale. Ameni."

Nkhani ya pempheroli inafika kwa a Elia tsiku lomwelo.

"Mayi a Omega, ndamva kuti mwawapatsa Ambuye malangizo ngati munthu waganyu."

"Ndangowakumbutsa. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Elia, akupitiriza kupukuta nsapato imodzi imene anaiyamba m'mawa.

Lolemba lija kunacha mwachilendo. Kumwamba kunali kotsika, kotuwa ngati bulangete lakale, ndipo kuzizira kwake kunali kwina, kolowa m'mano. Mayi Fyness anayang'ana mitambo n'kuiuza kuti ndi Julaye uno, ichoke. Mipando inali itasanjidwa pabwalo, nsalu zoyera zili pamatebulo, mpunga ndi nkhuku zili pamoto. Alendo anayamba kufika atakumbatira manja m'khwapa.

Mayi Fyness akukonza maluwa patebulo la akwati, kanthu koyera kanatera pamkono pawo. Kenako kena. Anathamangira kumpanda n'kukuwira woyandikana nawo kuti asiye kutentha zinyalala, phulusa likugwera pa keke. Kuseriko kunalibe moto. Anatembenukira amayi ophika kuti ndani akusosola nkhuku nthawi ino. Nkhuku zonse zinali m'mapoto. Zoyerazo zinkangotsika, mwakachetechete, mosafulumira, zikutera pamipando, pamitu ya anthu, panthambi zouma za mtengo wa pichesi. Kumsewu magalimoto anayamba kuliza mahutala. Anthu ankatuluka m'nyumba akukuwa, mafoni m'mwamba, akuluakulu akudumpha ngati ana.

"Ndi sinowo, mayi a Omega," anatero a Elia, atatambasula chikhatho. "Anagwanso chaka chija munapita kumaliro a amayi kumudzi. Nditakuuzani munati ndayamba kumwa."

Mayi Fyness anachoka pagulu. Anazungulira kuseri kwa galaja kumene kunalibe anthu, anaika manja m'chiuno n'kuyang'ana kumwamba.

"Atate, tinagwirizana chiyani?"

Kachidutswa kamodzi kanawagwera m'diso.

A Elia anawapeza akupukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu. Anaima pambali pawo, nawonso n'kuyang'ana kumwamba, ngati anthu awiri odikira basi.

"Kodi iyi ndi mvula?" anafunsa a Elia.

"Si mvula."

"Matalala?"

"Mukuona nokha kuti si matalala."

"Mphepo kulibe. Magetsi akuyaka, mverani zoimbira zikulira. Zonse munapempha mwapatsidwa. Ichi munachitchula?"

"Ndikanachitchula bwanji chinthu choti sindinachionepo?"

"Eya," anatero a Elia. "Ndiye kuti nkhokwe yawo ndi yaikulu kuposa pemphero lanu."

Mayi Fyness anayang'ananso zoyera zija zikutsika. Anatambasula dzanja. Kachidutswa kanatera pachikhatho, kopepuka ngati kulibe, ndipo asanakayang'anitsitse kanali katasanduka kadontho. Anagwira kena, nakonso chimodzimodzi. Kuchokera pabwalo anamva mawu a Omega akuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mwana uja anabwera matewera ataperekedwa kale kwa ena. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. A Elia anaganiza kuti akulira, ndipo mwina analiradi pang'ono, koma kenako kunatuluka phwete, n'kuseka mpaka kutsamira khoma.

"Chabwino," anatero, akuyang'ana kumwamba kachiwiri. "Mwapambana. Chitani zanu."

Nthawi yomweyo pageti panamveka nthungululu. Anali Mayi Nomvula ndi gulu lawo, akuvina m'sinowo, zipewa zitayera. Atawaona asewere awo anakweza manja onse awiri n'kufuula, Omega akumasulira uku akuseka:

"Akuti, asewere, musandiyang'ane ine! Langa ndi dzina la mvula basi. Izi ndi za akuluakulu!"

Koma chisangalalo sichifunditsa. Operekeza mkwatibwi, m'madiresi awo opanda manja, milomo inali itatuwa, maluwa akunjenjemera m'manja. Agogo ena a kuchimuna analephera kudzuka pampando. Abusa a Maliki ankayesa kutsegula buku la mapemphero koma zala zinkakana. Mayi Fyness anayang'ana anthu awo, kenako anayang'ana mulu uja pakona ya galaja. Moyo wawo wonse anali asanaphwanyepo lamulo limene anaika okha. Anapita kwa asewere awo n'kuloza mabulangetewo, nkhope ili yofunsa.

Mayi Nomvula sanachedwe. "Mwambo sumva kuzizira," anatero. "Omva kuzizira ndi anthu. Tsegulani!"

Anang'amba mapepala awiriwiri, asewere okhaokha, n'kumaponyera anthu mabulangetewo. Posakhalitsa bwalo lonse linadzaza akambuku ndi maluwa, Amalawi ndi Azulu atatu atatu m'bulangete limodzi, osadziwika kuti wa kuchikazi ndani, wa kuchimuna ndani. Omega yekha anakana kufunda mpaka zithunzi zitajambulidwa. Anaima pakati pabwalo mu velo yake, zoyera zikugwera pa zoyera, ndipo ngakhale amayi ophika anasiya mapoto kudzamuona.

A Elia anamuperekeza mwana wawo kutsogolo, ndipo anthu amachitira umboni kuti tsiku limenelo anayenda mofulumira koyamba m'moyo wawo. Abusa a Maliki, amene ulaliki wawo umatha anthu atayamba kuona njala, analalikira mawu ochepa kwambiri moti ena anaganiza kuti ndi malonje chabe. Bheki atafunsidwa ngati akumutenga Omega, anayankha m'Chichewa chimene anachiloweza sabata yonse, "Inde, ndikulola," nthunzi ikutuluka m'kamwa ngati ketulo. Nthungululu zinamveka mpaka kudera loyandikana la Bertrams.

Pofika masana zonse zinali zitasungunuka. Panatsala matope, nsalu zonyowa, ndi kadzuwa kofooka kamene kanatulukira mwamanyazi anthu akudya. Mabulangete anabwezedwa mosawerenga, ena ali ndi msuzi wa nkhuku, ndipo pa tsiku la mwambo wake anaperekedwa atachapidwa. Palibe anadandaula. Azakhali ena a Bheki anapempha kuti apatsidwe lomwe lija anafunda pa ukwati.

Zithunzi zinafika ku Chiradzulu tsiku lomwelo, ndipo zinayenda foni ndi foni mpaka m'midzi yoyandikana. Ena anati Fyness wakakwatitsira mwana ku Ulaya osauza abale. Ena anati ndi ufa, ndipo anadandaula kuti anthu a ku Joni akumwaza chakudya kumudzi kuli njala. Patapita masiku, mng'ono wawo Agnesi anaimba foni. Mayi Fyness anali pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.

"Achemwali, zikomo, mwatichotsa manyazi. Koma ndili ndi pempho. Glory wanga akukwatiwa mu Okutobala. Zoyera zija munakonza zija, nafenso tikuzifuna. Makina ake munabwereka kuti?"

"Agnesi, si makina."

"Musandibisire, achemwali. Inu chilichonse mumakonza nokha, tonse timadziwa."

"Mu Okutobala? Ku Chiradzulu, nkhuku zikuyasamula ndi kutentha?"

"Ngakhale pang'ono pokha, nthawi ya zithunzi."

Mayi Fyness anayang'ana amuna awo, amene anali pampando akusenda lalanje mosamala ngati akulisoka.

"Mng'ono wanga," anatero, "ine ndinakonza mpunga ndi mipando. Zinazo lankhula ndi Mwini wake. Koma ndikuchenjeze: ukamapempha, usamuuze zochita. Ali ndi zinthu kumwambako zimene iwe ndi ine sitinazionepo."

Agnesi anangofunsa ngati mabulangete aja anatsalako.